Zipewa za kwa Matchona

Isabella Nyaharawa ankachapa nsalu zogonera panyumba ya alendo ku Rumphi boma, pomwe azungu opita ku Nyika ankagona. Iwo ankangofunsa njira ya kuphiri basi. Kuseri kwa msika, kwa Matchona, sankapondako.

Uko n'kumene Isabella ankapita Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi. Kunkakhala amuna obwerera kuchokera kumigodi ya ku Joni. Makoma ankawapaka penti wobiriwira ndi wofiira, magalamafoni ankalira dzuwa lili pamutu, ndipo telala wina ankasoka mobisa mabuluku otambalala kumiyendo, kuopa ayufi achipani omwe ankaletsa mabuluku otere. Aliyense wobwerako ankakhomera chipewa chake cha mumgodi pamwamba pa chitseko, kuti anthu adziwe kuti wafika wamoyo.

Mwamuna wake, Amock, anapita ku Joni mwana wawo ali kumsana, ndipo mwanayo tsopano anali pasukulu. Isabella sankafunsa munthu. Ankangoyenda pang'onopang'ono, akuyang'ana zitseko.

Tsiku lina anaona chipewa pachitseko chomwe kale chinalibe. Pakhonde panali Amock, atanenepa, akukonza wailesi. Pambali pake mayi wina wolankhula Chizulu ankasenda mbatata.

"Mwatandala uli, Nyaharawa?" anatero Amock, maso ali pawailesi.

"Makola, yewo," anayankha Isabella.

Anadikira kuti mtima umupweteke, koma sunapweteke. Anagula tomato kwa mayi wogulitsa m'mbali mwa njira, n'kubwerera kukayanula nsalu za azungu.

Lamulungu lotsatira anatuluka m'tchalitchi, n'kuima pamsewu, osadziwa kolowera.