Gitala Limene Ndinabisa Kunsi kwa Bedi

Achimwene anga anayamba misala ya gitala ali otsuka mbale pa loji ina ku Kande. Mzungu wina wapaulendo anawasiyira makaseti a nyimbo zimene kwawoko amati panki ndi meto. Ine nditamva koyamba ndinaganiza kuti wailesi yawonongeka. Kukuwa kokhakokha, gitala likulira ngati chigayo! Koma iwo maso ali psii, mutu ukugwedezeka. Ndinadziwa pomwepo kuti zativuta.

Bandi yawo yoyamba inali ya achinyamata a kutchalitchi kwathu. Anaimbamo bwinobwino mpaka akulu a mpingo anamva kuti Lamulungu masana amakaimbanso ku loji kumene anthu amamwa mowa. Anawaitana, iwo anayankha mwamwano, ndipo anawadula mumpingo. Ama, monga timawaitanira amayi kuno, analira sabata yathunthu.

Yachiwiri anapanga ndi anzawo operekera zakudya pa lojipo. Alendo ankafuna rege, achimwene ankawapatsa mabingu, bandi inatha. Ku Mzuzu analowa ina yoimba m'maukwati. Anawachotsa chifukwa agogo a mkwatibwi wina anatseka makutu n'kutuluka mu holo. Kenako anapita ku Lilongwe, kumene anapeza amisala anzawo atatu n'kuyamba kuimba zimene mtima wawo unkafuna. Ananditumizira chithunzi: onse atavala zakuda, owonerera osakwana ngakhale minibasi imodzi. Koma kumwetulira kwake! Sindinawaonenso akusangalala choncho. Woimba ng'oma atapita ku Joni, enawo anakwatira, zinthu zinangozilala.

Achimwene anabwerera kuno ataonda, akutsokomola, khutu limodzi litagontha. Katundu yense anali chikwama, gitala ndi kasipika kong'ambika.

Ama ataona mmene thupi linathera, mantha awo anali amodzi. Kwathu kuno munthu akamwalira ali wodulidwa, mpingo suimba pamaliro ake. Amayi ovala zoyera sabwera ndi nyimbo, abusa salalikira, bokosi limangopita kumanda ngati katundu. Kuti munthu abwezedwe, amayenera kuyenda kalasi miyezi ingapo, aoneke kuti wasiya zakale, kenako alandiridwe pamaso pa mpingo.

Ine ndi amene ndinawakakamiza. Pakamwa panga sipachedwa, aliyense amadziwa.

"Achimwene, zaka zonsezi mwaimbira anthu akumwa. Mukufuna ama adzakuikeni chete ngati nkhuku?"

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi gitala lija n'kundipatsa.

"Tenga, mlongo wanga. Ukalibise kumene sindingalione."

Ndinalikulunga m'chitenje n'kuliika kunsi kwa bedi langa. Kalasi anayenda mokhulupirika, mwakachetechete, akupumira m'njira pansi pa mitengo ya mango. Masana ankakhala pakhonde kuyang'ana ama akusenda chinangwa, zala zawo zakumanzere zikuyenda zokha pabondo ngati akuimba gitala. Akulu a mpingo anati adzawalandira Lamulungu la mgonero.

Kutatsala masiku asanu, anandiitana. Anali atagona pamphasa, mawu akutuluka movutikira.

"Tandibweretsera gitala lija pang'ono chabe. Sindilumikiza kusipika. Ndingoligwira."

"Iyayi! Nyumba ya mkulu wa mpingo ili apa, mukufuna tiyambirenso? Pirirani, Lamulungu lipite. Lolemba m'mamawa ndidzabwera nalo ndekha."

Ndinawagwira dzanja kuti ndiwanyengerere, ndipo ndinadzidzimuka. Nsonga za zala zija, zimene kale zinali gwa ngati chikopa chouma, zinali zitafewa ngati za khanda.

Anamwalira Lachisanu m'mawa.

Mkulu wa mpingo anabwera, chipewa chili m'manja, maso pansi. Anati iye mwini akudziwa kuti malemu anayesetsa, koma anali asanalandiridwe, ndipo lamulo sangalisinthe yekha. Ndinamulalatira mpaka azakhali anandikokera kuseri kwa nyumba. Sizinathandize kanthu.

Tinawaika Loweruka, dzuwa lili pamutu. Anthu anabwera ambiri, asodzi, ogwira ntchito m'maloji, ngakhale mmodzi wa amisala a ku Lilongwe aja. Panjira ya kumanda munkangomveka mapazi mumchenga. Ama anayesa kuyambitsa nyimbo okha. Anaimba mzere umodzi, palibe anawayankha, iwonso anangosiya.

Mpingo ndinaukwiyira ndipo mkwiyowo sunathe, koma umene umandidya kwambiri ndi wa ine mwini. Munthu anasiya chinthu chimodzi chokha chimene ankachikonda, malipiro ake osawaona. Anandipempha kanthu kakang'ono, ine n'kuwauza za Lolemba.

Lolembalo litafika ndinagwada n'kutulutsa gitala lija kunsi kwa bedi, monga ndinalonjezera. Ndinakhala nalo pamphasa yawo ija, lili pamiyendo panga, osadziwa n'komwe pogwira.