Mabokosi Atatu ndi Nsapato Zanga

Ndikukumbukira bwino chaka chomwe ndinakwanitsa zaka khumi, chifukwa ndi chaka chomwe ndinakhala masabata atatu athunthu osapemphera. Kwa ena imeneyi si nkhani. Koma kwathu ku Kawale, m'nyumba ya mkulu wa mpingo, mwana wosapemphera ankaonekera msanga ngati dzino lakutsogolo likaguluka.

Abambo anga anali kalipentala. Anali ndi kashedi ka malata m'mbali mwa msewu ku Biwi, pakati pa owotcherera zitsulo ndi okonza magalimoto. Ntchitoyi anaiphunzira kuti azikhoma mipando, mabedi ndi zitseko, koma zaka zimenezo, kumayambiriro kwa ma 2000, maliro anachuluka m'tauni ndipo chomwe anthu ankafuna kwambiri anali mabokosi. Nawonso Abambo anayamba kukhoma mabokosi a maliro. Kusukulu anzanga ankanditchula kuti mwana wa a Bokosi, koma ine sindinkadandaula. Ndinakulira m'fungo la matabwa a paini ndi vanishi, ndipo bokosi kwa ine linali katundu ngati wina aliyense wodikira womugula.

M'mawa uliwonse tisanamwe tiyi tinkagwada pamkeka pabalaza. Tinkapemphera mosinthana: Lolemba Abambo, Lachiwiri Amayi, Lachitatu ine, Lachinayi mlongo wanga wamng'ono Yamikani, kenako akuluakulu ankamaliza sabata. Pemphero la Yamikani linali lalifupi moti bondo silinkayamba n'kumva kuwawa komwe, ndipo silinkaiwala kuthokoza chifukwa cha shuga. Abambo anali ndi malamulo awiri okha. Loyamba, yamba n'kuthokoza. Lachiwiri, usamalankhule ndi Mulungu ngati ukuwerenga chikwangwani cha pamsewu, muuze zenizeni zomwe zili mumtima.

Zomwe zinali mumtima mwanga chaka chimenecho zinali nsapato. Zanga za kusukulu zinali zitayasama kutsogolo, chala chachikulu chikusuzumira kunja. Anyamata a m'kalasi mwathu ankati nsapato zanga zili ndi njala, ndizimwetse phala. Nditawadandaulira Abambo anandiyang'ana kumapazi, n'kupumira m'mwamba.

"Dikira pang'ono, mwananga. Bizinesi yaima. Makalipentala tachuluka mumsewu muja, mabokosi atatu angokhala mwezi wonse."

Loweruka lotsatira nditawapititsira chakudya ndinawaonadi mabokosiwo atatsamira khoma. Awiri anali ofiirira. Lachitatu linali loyererako, ndipo pachivindikiro pake panali mfundo yakuda ya thabwa, yozungulira ngati diso la ng'ombe. Ndinaigwira ndi chala mfundoyo, n'kubwerera kunyumba mutu uli pa nsapato.

Lachitatu litafika ndinapemphera mokweza monga mwa masiku onse. Ndinathokoza, ndinapempherera odwala ndi a paulendo, tonse tinati ameni. Enawo akudzuka, ine ndinakhalabe chogwada, maso ali otseka, n'kuwonjezera chamumtima: "Ambuye, mabokosi atatu aja agulidwe. Yambani ngakhale ndi limodzi, sabata yomwe ino." Ndinamva Amayi akunong'oneza Abambo kuti taonani Tadala akukula mu uzimu, ndipo ndinanyadira. Ndikunena zoona, sizinandifike m'mutu ngakhale pang'ono kuti bokosi likagulidwa ndiye kuti wina wagonamo.

Pa nyumba yachitatu kuchokera pathu pankakhala Chisomo, mnzanga wapamtima. Tinkatunga madzi pampopi umodzi, kusukulu tinkakhala desiki limodzi. Mayi ake ankagulitsa zitumbuwa pageti la sukulu, ndipo zonyenyeka za pansi pa beseni ankatipatsa ife awiri. Anali atasiya malondawo kuyambira nthawi ya mvula chifukwa chodwala. Ndinkadziwa kuti aonda kwambiri, koma mwana amaganiza kuti aliyense wodwala amachira.

Lachisanu la sabata yomweyo tikuweruka, tinapeza nthambi zamasamba zitayalidwa mumsewu wolowera kwathu, chizindikiro chakuti pali maliro. Tisanafunse n'komwe tinamva kulira kwa azimayi. Chisomo anaima, n'kumvetsera, kenako anataya chikwama pansi n'kuthamanga. Ine ndinatola chikwamacho n'kumutsatira pang'onopang'ono.

Bokosi linabwera m'mawa mwake pa kagalimoto konyamula katundu. Ndinali nditakhala ndi ana anzanga pansi pa mtengo wa mapeyala pamene azibambo ankalitsitsa. Linali loyererako. Atalitembenuza kuti lilowe pakhomo ndinaona mfundo yakuda ija pachivindikiro, ikundiyang'ana. Azimayi a mpingo ankaimba motsitsa m'nyumbamo, koma ine m'makutu mwanga munkangomveka mawu anga omwe: sabata yomwe ino.

Lachiwiri madzulo Abambo anabwera ndi kajumbo. Munali nsapato zakuda za pa kaunjika, zokhala ndi kalamba, zopolishidwa mpaka kung'anima. Ndinayesa, zinandikwana ngati anachita kundiyeza. Ndinagwada n'kunena zikomo monga anatiphunzitsira, kenako ndinapita kuseri kwa bafa n'kulira mosatulutsa mawu. Nsapatozo ndinazikankhira kunsi kwa bedi. Amayi atafunsa ndinati zikundithina, ndipo ndinapitiriza kuvala zoyasama zija.

Chomwe chinkandiopsa kwambiri sichinali bokosi lomwe linapita ayi. Anali awiri otsalawo. Ndinali nditapempha atatu, ndipo m'nzeru zanga Mulungu anali atangoyambapo. Ndinaganiza kuti ndikangotsegulanso pakamwa, adzakumbukira kuti pali mwana uja wa ku Kawale amene pempho lake silinathe. Amayi akatsokomola pophika, ndinkathamangira kukawaona. Yamikani akachedwa kobwera kosewera, ndinkaima pamsewu kumudikira. Ndinaona kuti njira yokhayo yowatetezera inali kukhala chete kuti Mulungu andiiwale.

Lachitatu loyamba ndinati mutu ukundipweteka. Lachitatu lotsatira ndinati pakhosi. Lachitatu la sabata yachitatu ndinalibenso bodza, ndinangogwada duu, nyumba yonse ikudikira, tiyi akuzizira.

"Kodi mwanayu watani?" anatero Amayi. "Tadala, ukufuna ndikuthyolere kamtengo?"

"Musiyeni, mayi a Tadala," anayankha Abambo, ndipo anapemphera m'malo mwanga.

Nthawi yonseyi Chisomo ndinkamuzemba. Anali atasamukira kwa azakhali ake ku Area 23 koma sukulu sanasinthe. Pa buleki ankandifunafuna, ine n'kumabisala kuseri kwa makalasi. Mpaka lero chimenechi chimandipweteka kuposa zonse, kuti nthawi yomwe mnzanga ankandifuna kwambiri ndi yomwe ndinamuthawa.

Loweruka Abambo anandidzutsa m'mamawa. "Samba, tipitire limodzi ku Biwi." Tinayenda wapansi, iwo patsogolo ine pambuyo, tikudutsa azimayi oyala tomato ndi maminibasi oitanira anthu a ku tauni. Titafika, owotcherera zitsulo anali asanatsegule. Abambo anatsegula loko, n'kukankha chitseko cha malata. Mabokosi awiri ofiirira aja anali pomwe paja, ndipo ine ndinaima pakhomo osafuna kulowa.

Iwo anachita ngati palibe amene akuwaona. Anavula chipewa, anagwada pa utuchi, n'kuika dzanja pa bokosi loyamba.

"Zikomo, Atate, potidzutsa. Ili lichedwe, Ambuye. Mwini wake, kulikonse komwe ali, muonjezereni masiku. Ndipo tsiku lake likadzakwana, mudzamulandire ndi chifundo."

Anasuntha dzanja n'kuliika pa linzake. "Ilinso lichedwe, Ambuye."

Atadzuka n'kusasa utuchi m'mawondo, ndinalephera kupirira.

"Abambo, mumapemphera kuti asagulidwe?"

"Tsiku lililonse. Kuyambira bokosi loyamba lomwe ndinakhoma."

Apo ndi pomwe zonse zinatuluka. Ndinawauza za pemphero langa lachamumtima, za mfundo ya pachivindikiro, za nsapato zomwe sizinkandithina, za mabokosi awiri otsala, za chifuwa cha Amayi. Ndinamaliza ndi mawu omwe ndinali nditawasunga masabata atatu, akuti mayi a Chisomo ndawapha ndine. Abambo sanaseke, sanandikalipirenso. Anandikhazika pa benchi yopalira matabwa, iwo n'kukhala pambali panga, ndipo anadikira mpaka kulira kutachepa.

"Nsapato zija zachokera m'bokosi la mayi a Chisomo?" ndinafunsa.

"Inde. Sindingakunamize. Ndi diresi wavalali, ndi tiyi wamwa m'mawa uno, zonse zimachokera muno. N'chifukwa chake ndimathokoza nditagwada, osati nditaimirira." Kenako ananditembenukira. "Koma tandiuza, iwe ukuganiza kuti Mulungu ali ngati kondakitala wa minibasi, woti ukangonena kuti pamenepo, basi waimitsa? Akanakhala kuti amachita chilichonse chotuluka pakamwa pathu, bwenzi m'tauni muno mutatha anthu. Amamva zomwe wanena, koma amamvanso zomwe umafuna kunena. Iwe sunkafuna imfa ya munthu. Iye anamva mwana wofuna nsapato. Chifundo chake n'chimenecho."

Kenako anandiuza chinthu chomwe sindinkachidziwa. Lamulungu lililonse masana iwo ndi akulu anzawo a mpingo ankapita kukacheza ndi mayi a Chisomo. Kuyambira nyengo ya Pasaka, mayiwo ankawauza kuti asawapempherere masiku ambiri. Ankati thupi latopa, ndipo chomwe akulakalaka n'kukaona nkhope ya Mbuye wawo. Ankangopempha kuti mwana wawo asadzasowe womuyang'anira.

"Iwo anayamba kugogoda pakhomo limenelo iwe usanaganize n'komwe za nsapato," anatero Abambo. "Tsiku lawo analidziwa ndi Mulungu yekha. Usadzikweze, mwanawe. Ulibe mphamvu zoterozo."

Mawu amenewa akanandipsetsa mtima tsiku lina, koma tsiku limenelo anandipeputsa thupi lonse. Ndinapukuta mphuno, ndipo popeza ndinali mwana wa mafunso, ndinafunsanso.

"Nanga mabokosi akamachedwa, ife tizidya chiyani?"

"Unagonapo ndi njala?"

Ndinaganiza. "Kamodzi."

"Tsiku lija unanyanyala nyemba? Imeneyo usamunamizire Mulungu."

Ndinaseka koyamba m'masabata atatu. Nawonso anaseka, kenako anayang'ana kunja komwe dzuwa linali litayamba kuwomba pa malata a anzawo.

"Ukudziwa chomwe ine ndimalakalaka, Tadala? Kumwamba kulibe maliro. Ine ndikakafika kumeneko ndikakhala lova. Ndikangopempha kuti andipatseko matabwa abwino, ndikhome tebulo lalitali loti tonse tikwanepo, ndi mayi a Chisomo omwe. Ntchito yomwe ndinaphunzirira ndi imeneyo."

Ananena zimenezi mosavuta, ngati munthu wokamba za kumudzi komwe akapite pa holide. Kenako anandigwira paphewa. "Lero si Lachitatu, koma Mulungu sayendera kalendala yathu. Gwada."

Ndinagwada pa utuchi womwe uja. Mawu anatuluka movutikira, koma ndinayamba n'kuthokoza monga mwa lamulo. Ndinathokoza chifukwa cha nsapato. Ndinapepesa. Ndinapempherera Chisomo. Pomaliza ndinaika dzanja pa bokosi lofiirira, loziziralo, n'kunena kuti ili lichedwe.

Lolemba ndinavala nsapato zatsopano, ndipo pa buleki ndinapita ndekha kukakhala pafupi ndi Chisomo. Anaziyang'ana n'kunena kuti zandikhala. Nkhani yonse ndinadzamuuza tili kale kusekondale. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Iwe Tada, unali wopepera eti?" Tinaseka mpaka tonse awiri tinalira.

Abambo anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo bokosi lawo anakhoma ndi kalipentala mnzawo wa mumsewu womwe uja. Ine lero ndine namwino. Ndinadzazindikira mochedwa kuti nanenso ndimadyera pa zowawa za anthu ena, monga ankachitira iwo, ndipo chakudya chotere sichidyedwa modzitama. Zomwe ndikumvetsa tsopano n'zakuti pemphero si lamulo lomwe timapereka kumwamba. Ndi mwana kulankhula ndi kholo lake, ndipo kholo labwino limasankha chomwe lingatole m'mawu a mwanayo. Ndapemphapo zinthu zambiri zopusa chiyambire, ndipo ndimathokoza chifukwa cha zomwe ndinapatsidwa, komanso kwambiri chifukwa cha zomwe ndinamanidwa.

M'mawa ndikayala nsalu yoyera pa bedi lopanda munthu m'wodi, ndimaikapo dzanja kamphindi n'kunena chamumtima kuti ili lichedwe, Ambuye. Ndipo tsiku likandilemera ndimaganiza za lova wina wokondwa, pensulo ili kukhutu, akupala thabwa lalitali kwinakwake komwe kulibe nthambi zoyala pamsewu. Sindikufulumira kupitako. Koma ndimawadziwa Abambo anga: poyeza tebulo limenelo, malo anga sanawaiwale.