Manda a Agogo Pansi pa Dishi

Malume anga, a Wentzel Olyn, akhala akujambula maukwati, maubatizo ndi nkhosa zopambana pachionetsero kuno kuchipululu cha Karoo chiyambire unyamata wawo, ndi kamera imodzimodzi yachitsulo, yopukusa ndi chala, yopanda batire. Mafoni atabwera, anthu anawaiwala. Ankangokhala pakhonde, kumwa khofi wowawa uku akulalatira aliyense wodzijambula yekha atasongola milomo.

Iwo ndi mlongo wawo, mayi anga a Fransiena, anabadwira pafamu ya nkhosa ya Skaapkuil. Famuyo inagulidwa kuti amangepo madishi aja, oyera, aatali kuposa tchalitchi, omvetsera kumwamba. Mwini famu anakamanga nyumba kunyanja. Antchito anawakweza palole n'kuwatula m'tauni muno, ndipo agogo anatsala komweko, pansi pa mulu wa miyala wopanda dzina. Mayi anafa ziwalo mbali imodzi, msewu wamabampu wopita kufamuko sangauthe. Ankapempha chimodzi chokha: kudziwa ngati manda a mayi awo akadalipo.

Kumadishiko salola foni ngakhale kamera yamakono, akuti timagetsi take timasokosera madishi. N'chifukwa chake tsiku lina tinangoona bambo wa kuofesi yawo, a Lategan, ataima pakhomo, chipewa kumanja.

"Oom Wentzel," anawaitana mwaulemu wa kuno, "tamva kuti kamera yanu ilibe batire. Tikufuna mukatijambulire madishi aja."

"Lero ndasanduka munthu, eti? Dzana munkati ndikaponye kudzala."

Malume anavomera chifukwa cha mlongo wawo basi. Pageti anawavulitsa ndi kachipangizo ka m'khutu komwe, analowa ali gonthi. A Lategan ankafuula kufotokoza kuti madishiwo amatola kunong'ona kwa nyenyezi zomwe zinazima kalekale, ndiponso kuti otere ndi omwe amalondola zombo zopita kuseri kwa mwezi. Malume ankangogwedeza mutu, maso ali pansi, kufunafuna.

Anawapeza mandawo pafupi ndi pomwe panali mjigo. Miyala yonse inalipo. Malume, munthu wa mawondo olira, anagona chafufumimba m'fumbi kuti miyala ikhale patsogolo, dishi kumbuyo. Potuluka, a Lategan anatambasula dzanja.

"Mafilimu onse, Oom. Ndi lamulo. Tikatsukira ku Cape Town."

Miyezi itatu mayi ankafunsa m'mawa uliwonse, pakamwa patapotoka, "Boeta, mlongo wanga, chithunzi chabwera?" Malume ankawauza kuti miyala ilipo, iwo n'kumati akufuna aone okha.

Chinabwera, chachikulu ngati chitseko, ndipo anachipachika muholo ya tauni. Tinawaveka mayi diresi yakutchalitchi, ine n'kuwakankha panjinga yawo mpaka kutsogolo. Dishi linali mbee, kumwamba kopanda kamtambo. Patsogolo pake panali mchenga wosalala. Mpaka lero ndikakumbukira mchenga umenewo, mtima umandiwira.

"Miyala ili kuti?" malume anafunsa.

"Oo, ija?" a Lategan anaseka. "Inkadetsa chithunzi, Oom. Anyamata anaifufuta pakompyuta. Taonani mmene chayerera!"

"Ndi mayi anga amenewo, galu iwe! Bweretsa filimu yanga."

Nkhope ya a Lategan inafiira. Anati pepani, sankadziwa. Akanadziwa bwanji, osafunsa? Filimuyo, akuti, anakopera n'kuitaya, poti masiku ano ndani amasunga zimenezo.

Mayi za kompyuta sazidziwa. Anayang'anitsitsa mchengawo nthawi yaitali.

"Ndiye anawasalaza," anatero.

Malume anagwada pambali pa njinga. "Ayi, Siena, alipo! Ndinawagwira ndi manja angawa. Chithunzichi achisintha."

"Usandinyengerere ngati mwana, Boeta. Moyo wako wonse wakhala ukutiuza kuti kamera yako sinama." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndibweze kunyumba."