Mkuzi wa Katrin

Tsiku limenelo amayi ankatunga mikanda pakhonde. Idali yofiira ndi yoyera, ankaitola m'mbale ndi nsonga ya singano. Ankapanga mkuzi womanga khanda m'chiuno. Mwini mkuziwo tidali tisanamuonepo.

Achimwene anga, a Armando, adakagwira ntchito m'fakitale ku Jeremani, monga anyamata ambiri a kwathu ku Mozambique nthawi imeneyo. Kumeneko adabereka mwana wamkazi ndi mayi wachizungu. Nthawi yawo itatha adangokwezedwa ndege, mwana ndi mayi ake n'kutsala. Adafika kwathu ku Angonia ndi jekete lolemera, wailesi, ndi kaulusi ka mfundo ziwiri. Kaulusiko adayezera m'chiuno mwa mwanayo, poti ankadziwa kuti amayi adzafunsa. Mwanayo dzina lake adali Katrin.

Mnzawo wina ankabwerera ku Jeremani, ndiye amayi ankafulumira kuti mkuzi upite naye.

Mfuti za nkhondo zidayambira cha kuchigayo. Nkhuku ndizo zidayamba kuthawa. Amayi adaika mbale pamphasa bwinobwino ngati munthu woti abweranso. Ine ndidali nditangotha msinkhu. Ndidanyamula bulangeti limodzi.

Tidadutsa m'munda wa kachewere, kugwa n'kudzuka. Titafika kumtsinje, a Armando adapisa m'thumba la malaya, kenaka la buluku. Kaulusi kadatsala pamphasa paja. Mikanda tikadagula ina. Muyeso wa mwana padalibe wina.

"Tsogolani, ndikupezani," adatero.

Amayi adawagwira jekete. Iwo adangolivula n'kuthamanga. Amayi adatsala ndi jekete m'manja.

Tidabisala m'mabango kudikira. Nyerere zinkandiluma koma sindidagwedezeke. Kumudzi kudakwera utsi. Anthu ankatidutsa atasenza mitolo, ndipo aliyense amene amayi adamufunsa ankangopukusa mutu. Dzuwa litapendeka amayi adavala jekete lija, tidanyamuka.

Tidatulukira pamsewu wa tala ku Dedza. Malire a dziko lathu ndi Malawi ndi msewu womwewo. Tsidya lake amayi ena ankagulitsa kabichi, basi idadutsa ikuliza nyimbo. Ndidawoloka ndilibe nsapato, tala adandiwotcha mapazi.

Mayi wina wogulitsa kabichi, a Naphiri, adatitenga. Adauza aboma kuti ndife abale awo kuti tisapite kumsasa wa othawa nkhondo, poti amayi adakana kuchoka pafupi ndi msewu. Kuyambira pamenepo tidakhala a Phiri. Kusukulu Phiri, pachiphaso Phiri. Amayi ankakhala pambali pa kabichi wa eni, maso ali tsidya lija, mpaka adakalamba.

Achimwene ndidawakwiyira zaka zambiri. Munthu wamkulu, wokwera ndege, kufera ulusi. Kenaka mkwiyo udatha, padatsala chinthu chimodzi: kwinakwake kuli mwana amene akuganiza kuti bambo ake adamutaya. Wodziwa zoona ndidatsala ndekha.

Tsopano ndimakhala ku Springburn, kuno ku Glasgow, ndimasamalira okalamba. Ndikaweruka shifiti ndinkakhala pakompyuta kufufuza. Ajeremani amalemba chilichonse. Ndidaona mabuku a ubatizo a makolo a anthu ena, akalekale, mizere yoongoka bwino. Koma a Katrin kumeneko ndi ochuluka ngati a Mary kwathu, ndipo dzina la mayi ake sindinkalidziwa. Kumpingo sindinkauza munthu. Amandidziwa ngati Mmalawi wa ku Dedza, ndiye ndikadayambira pati?

Mwana wanga Tadala, amene ndikamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi cha kuno, adatopa nane. Adandigulira kabotolo kolavuliramo malovu, kotumiza papositi kuti akakupezere abale. Ndidalavuliramo ndikudziseka ndekha. Malovu adziwe zimene ine ndalephera zaka zonsezi?

Padapita miyezi. Tsiku lina ndili m'basi foni idalira. Uthenga unkati apeza wachibale wapafupi, wamkazi, ku Jeremani.

Tidalankhulana pavidiyo, ine ndili kukhitchini, kunja kukuwaza mvula. Adali Katrin, mayi wamkulu, imvi zitayamba. Chipumi chidali cha amayi. Adati m'Chingerezi chake chapang'onopang'ono kuti adatifuna zaka zambiri, mpaka adafika ku Tete, chigawo cha kwathu, akufunsa dzina limene bambo ake adasiya. Palibe adalidziwa. Ife dzinalo tidalisiya pamsewu.

Kenaka adafunsa osandiyang'ana, ngati bambo ake adakwatiranso n'kumuiwala.

Ndidaopa. Mwana umamuuza bwanji kuti munthu adabwerera kumfuti chifukwa cha iye? Koma ndidamuuza zonse, za mfundo ziwiri, za mtsinje, za jekete.

Kenaka adafunsa kuti mikandayo idali ya mtundu wanji.

"Yofiira ndi yoyera," ndidatero.

Adagwedeza mutu, n'kubwereza mawuwo yekha.

Amayi adagona ku Dedza, pamanda pawo padalembedwa dzina la eni. A Armando alibe manda. Jekete lili musutikesi pansi pa bedi langa, ndipo Katrin akuti adzabwera kudzaligwira. Ndidamuuziratu kuti m'matumba mulibe kanthu. Amayi ankapisamo chaka chilichonse.