Chona Amene Anaonetsedwa Njira

Abambo anga, a Yonasi Chikoti, anakonza njinga pa Nambuma zaka makumi anayi, pansi pa mtengo wa mango, ndi pampu, masipanala ndi beseni la madzi lofufuzira pamene chubu chabooka. Ndi munthu wosachulutsa mawu, koma akati ayi ndi ayi basi, ngakhale abusa atabwera ndi akulu ampingo onse. Liuma limenelo ndi limene linandimeretsa imvi ine chaka chatha.

Amayi atamwalira, abambo anatsala ndi galu, nkhunda ndi chona wakuda amene amayiwo ankamutcha Dyeratu. Kenako maso anachita ng'ala, shuga nayenso n'kubwera. Tsiku lina anagwera m'dzenje la zinyalala masanasana. Ine Kettie ndine mwana yekhayo wotsala, ndipo ndimagwira ntchito ya unamwino ku Mzuzu. Miyezi isanu ndikuwachonderera kuti akakhale nane! Potsiriza anavomera, koma anati, "Dyeratu akatsala, nanenso ndatsala."

Nkhunda tinasiyira oyandikana nawo. Ndinapeza a Yusuf, mwini pikapu amene amanyamulira katundu wa m'magolosale, ndipo galu tinamumangirira kumbuyo pakati pa matiresi ndi bokosi la masipanala. Za chona nanga ndani sadziwa? Posamuka umamuika m'thumba n'kumanga, kuti asaone njira, chifukwa akaiona amabwerera kunyumba yakale. Ndinamugwira, anandikanda mikono yonse, ndinamanga.

Tisanafike n'komwe pa Mponela, thumba lija linali likulira ngati khanda la chimfine.

"Akubanika," anatero abambo.

"Sakubanika, abambo, ndaboola timabowo. Musiyeni."

Ine kutembenuka kuti ndione galu, iwo amasula kale. Maso alibe, koma zala za wokonza njinga! Dyeratu anatumphuka, kudutsa pamutu panga, n'kukadzipanikiza kunsi kwa mapazi a a Yusuf, pamabuleki penipeni. Galimoto inapita uku, inapita uko. Mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anathawa kusiya dengu.

A Yusuf ndi munthu wofatsa, koma ataimitsa galimoto anatembenukira abambo mosaseka. "Madala, chona ndilibe naye mawu, kwathu timawakonda. Koma inenso ndili ndi ana. Bwezerani m'thumba."

"Ndimugwira ndekha," anatero abambo. Anatulutsa chitenje cha malemu amayi m'chikwama, n'kumukulunga chonayo kusiya mutu wokha, kenako n'kumuika pachifuwa nkhope italoza pawindo.

Apa ndiye anayamba china. Tikayenda pang'ono: "A Yusuf, pano ndi pati?" Akauzidwa, amaweramira kukhutu kwa chona. "Pa Madisi apa, wamva?" Chona n'kumalira, iwo n'kumapitiriza. Pa Kasungu tinapeza galu atasanzira matiresi anga atsopano, amene ndinawagulira abambo omwewo. Ndinapukuta ndi makatoni anthu akundiyang'ana, ine ndili mu diresi langa la kutchalitchi. Pa Jenda apolisi anasuzumira, n'kuseka mpaka kuitanizana. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Abambo, kodi mukudziwa chimene mukuchita? Mukumuphunzitsa njira! Akakathawa ku Mzuzu ndidzamufunafuna kuti ine?"

Anangoweramiranso kukhutu kwa chona.

M'nkhalango ya Chikangawa abambo anapempha kuti akataye madzi. Ndinawagwira dzanja potsika, chitenje chinamasuka, Dyeratu uyo, zii m'mapaini. Ha! Ine ndi a Yusuf tinalowa m'tchire, kuitana, kugwada, zisoso kudzaza diresi lonse, kamphepo kozizira kakulowa mpaka m'mafupa. Ola lathunthu. Pobwerera ndinapeza abambo atakhala pa mwala m'mbali mwa msewu, chipewa pabondo.

"Pitani," anatero. "Ine ndikhala pompano."

Mtima unandithera. Ndinakalipa, ndipo sindibisa, ndinakalipira bambo anga ondibereka pamaso pa mlendo. Ndinati ndatopa. Ndinati ndasiya odwala anga, ndapempha tchuthi ngati wopemphetsa, mankhwala awo a madzulo nthawi ikutha, ndiye tigone m'nkhalango chifukwa cha chona, eti? Chona amene akanakhala phee m'thumba mwake iwo akanapanda kuchita makani!

Abambo anapempha a Yusuf kuti awapatse masipanala awiri a m'bokosi lija, n'kuyamba kuwagundanitsa, ngwe, ngwe, ngwe, momwe ankachitira poweruka pa mtengo wa mango uja. Sipanapite nthawi, Dyeratu anatuluka m'udzu, mchira m'mwamba, n'kukwera pamiyendo pawo ngati palibe chimene chachitika.

Ndinathamangira thumba. "Basi. Pano ndiye alowa, mufune musafune."

Abambo anaphimba chonayo ndi manja onse awiri.

"Kettie, mwana wanga, ine maso anatha. Msewu wonsewu tadzerawu sindinauone ngakhale pang'ono. Ukandisiya pano sindingaloze kumene kuli Nambuma." Anamusisita Dyeratu pamutu. "Amako tawasiya okha kumanda kuja. Lola mmodzi wa ife aidziwe njira ya kwathu."

A Yusuf anatembenuka n'kumakankha tayala ndi phazi, tayala loti linalibe vuto. Ine ndinaima ndi thumba langa m'manja, manyazi atandigwira. Miyezi isanu yonse ija ndinkawerenga mapiritsi ndi masiku a kuchipatala, osawafunsa n'kamodzi komwe kuti akusiya chiyani.

Thumba lija ndinayala pamene galu anasanzira. Tinakwera, ndinawathandiza kukulunga chitenje, ndipo tinanyamuka. Dyeratu anayambanso kulira kwake kuja, ine mutu ukuwawa. Titatuluka m'mapaini abambo anali atatopa, mutu ukugwera paphewa langa, osafunsanso kanthu. Ndinamukweza chonayo pang'ono kuti afike pawindo.

"Tikutsikira ku Mzuzu tsopano, Dyeratu," ndinatero. "Yang'anitsitsa, iwe."