Kamemore ka Adada

Ndikukumbukira foni ya adada, yakuda, yomangidwa ndi mphira chifukwa chotsekera batire chinathyoka. Kwathu ku Misuku netiweki inkapezeka pamwamba pa phiri pokha, choncho foniyo inkagwira ntchito ngati wailesi. M'kati mwake munali kamemore, kakhadi kochepa ngati chikhadabo, ndipo m'menemo munali mawu a adada. Ankaimba besi m'kwaya, ndipo ankakonda kudzijambula mawu akuthyola khofi, nthawi zina n'kukalipira mbuzi nyimbo ili pakati.

Adada anamwalira ndili mu Sitandade 4. Pogawa katundu wa malemu, foni inapita kwa mng'ono wawo, adada aang'ono. Amama sanatsutse, mkazi wamasiye satsutsa abale a mwamuna wake ali pamphasa ya maliro. Anangopempha chapansipansi kuti kamemoreko katsale. Adada aang'ono anaseka, nati adzabweza, akufuna kaye akaikitsemo nyimbo zovina.

Tsiku la msika ananditenga kuti ndiwasenzere nthochi. Woika nyimbo anali ndi kashopu ka matabwa konunkha utsi wa jenereta. Kompyuta yake inkalandira makadi a aliyense, ena ochokera ku boma, ena ku Tanzania, ngati chikho chimodzi cha pachitsime. Analowetsa kathu, naikamo nyimbo, ife n'kubwerera. Titafika kunyumba foni inakana kuimba. Zovina kulibe, adada kulibe, timayina tachilendo tokhatokha.

M'mawa mwake tinatsikanso. Munthu uja sanachite ngakhale manyazi. Anati ndi vairasi, kachilombo ka m'makompyuta, ndipo mwina tinachita kubwera nako ndife. Anati mankhwala ake ndi amodzi, kufufuta zonse kuti kakhale katsopano. Ndinkafuna kukuwa kuti musatero, muli adada, koma ndinali kamtsikana pakati pa amuna. Adada aang'ono anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Nanga nyimbo zanga mundiikiranso?" Munthu uja anavomera, nadina batani. Sizinatenge ngakhale nthawi yomwera madzi.

Amama atamva anangoti, "Alamu, mwawaika m'manda kachiwiri," nalowa m'nyumba.

Chimene chimandipsetsa mtima koposa ndinachimva ndili kale pabanja. Mayi wina wokonza mafoni ku Chitipa boma anandiuza kuti vairasi ya masiku amenewo kawirikawiri sinkadya kanthu, inkangobisa. Wodziwa ntchito, kapena wongodekha, akanazitulutsa. Ndiye kuti adada analimo, atangobisika, pamene ine ndinaima pakhomo paja, mpaka chala cha munthu uja chinawachotsa. Ndinatuluka m'shopu ya mayiyo, mwana kumsana, osatsanzika n'komwe.

Masiku ano zinthu zasintha. Makadi achepa, ndipo tizilombo sitidikiranso tsiku la msika. Timabwera tokha m'mauthenga oti dinani apa mwapata mphoto, tina timaba manambala achinsinsi, tina timatseka foni yonse. Ine sindidina, ndipo foni yanga siilumikizidwa ku kompyuta ya munthu. Anzanga amati ndine womana. Anene.

Dzana mwana wanga anandifunsa kuti agogo ake aamuna ankaimba bwanji. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyerekezere. Nyimbo imene ankaikonda ndikuidziwa yonse, kuyambira pachiyambi mpaka pa ameni. Koma liwu lawo ndinalifunafuna m'mutu mwanga, osalipeza.