Chijasi cha Amalume pa Sikelo

Chijasi chija chinali chakuda, cha alonda a ku Lusaka. Amalume anabwera nacho ku Chinyunyu atawachotsa ntchito, ali ndi chifuwa chosatha ndi zilonda m'kamwa. Anthu ankati kaliwondewonde. Dzina loti Edzi tinkangolimva pa wailesi. Mankhwala kunalibe. Kunali ufa wa soya wokha, umene odwala ankalandira mwezi ndi mwezi.

Nyengo yotentha ya chaka chimenecho kunabwera abwana ena pa galimoto yoyera. Ankati akukonza malangizo oti zipatala zizidziwira ngati odwala akusamalidwa bwino kunyumba, ndipo anasankha mudzi wathu kuti ayeserepo nzeru zawo. Nzeruzo zinali sikelo. Singano ikakwera, wodwala akusamalidwa. Ikatsika, ndiye kuti abale akumudyera ufa, ndipo ufawo upite kwina. Anthu anakhala pasukulu zaka zambiri kuti aganize zimenezi. Ndinadzapitako nanenso, ndipo ndinaona kuti sizivuta.

Amalume ankamwa phala lawo lonse. Amayi ankawamwetsa ndi supuni, ine ndikumeza malovu, osaloledwa ngakhale kunyambita mbale. Koma phalalo linkangodutsa. Choncho amayi anandituma kumunsi kwa akasupe otentha kukatola miyala yosalala, n'kuisokerera m'kati mwa chijasi. Ndimakumbukirabe fungo la madzi aja, longa mazira owola, ndi kunyada kwanga posankha miyalayo.

Ulendo woyamba ndi wachiwiri zinayenda. Nyenje zikulira, amuna ena atavula malaya, amalume anakwera pasikelo atamanga chijasi mpaka m'khosi. Bwana wa magalasi anawerama kuyang'ana singano, nati, "Mwaona? Awa ndiye akusamalidwa." Kumaso sanawayang'ane. Palibe anafunsa chimene munthu wavalira chijasi mu Okutobala, kapena ngati chakudya chikukhala m'mimba.

Mkazi wanga anamwalira chaka chatha ndi matenda omwewo. Masiku ano kuli mankhwala, amayezanso magazi, ndipo n'zabwino. Koma maso aja oyang'ana pansi ndinawaonanso. Sindinena zambiri.

Ulendo wachitatu, mvula isanagwe, amalume analephera kuima. Tinawagwira uku ndi uku. Ananong'oneza amayi kuti, "Mlongo wanga, ndivule. Chandilemera." Amayi anawavula, n'kundipatsa chijasicho, ndipo ndinadzandira nacho.

Bwana uja anawerenga singano kawiri. Kenako anakweza mawu kuti onse amve: "Amayi, mwezi umodzi wokha munthu kutha chonchi? Ufa wa wodwala mukudya ndinu ndi mwana wanuyu!" Anati sitilandiranso. Amalume anamwalira chimanga chili m'mawondo, akumwa phala la mgaiwa lopanda shuga.

Tsiku la sikelo lija ndinadikira kuti amayi ang'ambe chijasi, akhuthule miyala pamapazi pa bwanayo, amufunse kumene anaphunzira. Sanatero. Anagwada pafumbi, n'kuwomba m'manja, nati, "Zikomo abwana, tamva."

Njira yonse yobwerera ndinawakwiyira amayi. Ndinkayenda patsogolo ndekha, iwo akukankha njinga imene anakwezapo amalume, akuima apa ndi apo kuti atsokomole. Chifuwa cha amayi chimenecho ndinkachimva m'mawa uliwonse kuchokera pamene tinaika atate, ndipo ndinkachiyesa cha utsi wa kukhichini. Sindinkadziwa chimene amayi ankadziwa kale, kuti posachedwa nawonso adzafuna ufa wa anthu omwewo.